Seva ya matanki ikumaima foni imodzi ikachoka pa Wi-Fi

Wezi: Moni nonse pagulu. Ndili ndi vuto landizunguza mutu, mwina alipo anakumanapo nalo. Pa famu ina mbali ya ku Choma tinaika masensa pa matanki a madzi 6 ndi pa mapampu a sola awiri. Sensa iliyonse ndi kakompyuta kakang'ono ka ESP32 kokhala ndi kawailesi kofika patali ka LoRa, ka SX1276. Ku ofesi kuli cholandirira chomwe chalowa pa USB ya kakompyuta ka Raspberry Pi 4, ndipo pa Pi-yo ndinalemba seva ya Python. Ntchito yake ndi kuwerenga pa serial (pomwe uthenga wa cholandiriracho umalowera) n'kupatsira aliyense amene walumikiza pa TCP (njira yolumikizirana pa netiweki): laputopu ya manijala, mafoni a anyamata oyang'anira mapampu, ndi ka skirini ka pakhoma. Zimayenda bwinobwino, koma nthawi zina zonse zimangoima, manambala osasintha paliponse. Pakapita mphindi ngati 15 imadzidzimuka yokha, koma za nthawi yonseyo zimakhala zatayika.

Lusayo: Si magetsi amenewo asisi? Kkkk

Wezi: Ayi, Pi ili pa batire ya sola. Sizima, ndipo ndikalowa ndi SSH ndimapeza pulogalamu ili moyo, CPU ili phee.

Kondwani: Tiwonetse pamene ukutumizira ma client, zipangizo zolumikiza ku sevayo.

Wezi: Ndi apa, mkati mwa loop yomweyo yowerenga serial:

for c in clients:
    c.sendall(uthenga)

a Mhango: Mwana wanga, tayesa kukumbukira. Kodi sizichitika m'modzi wa anyamatawo akanyamuka pa ofesi ndi foni m'thumba kupita kumatanki, pulogalamu asanaitseke?

Wezi: Eee a Mhango, zikugwirizana. Kawirikawiri ndi m'mawa akamapita kukayendera mapampu.

a Mhango: Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Foni ikatuluka m'dera la Wi-Fi siitsanzika. Pa TCP, amene akutseka mwaulemu amatumiza FIN, koma wongosowa satumiza kanthu, ndiye Pi imaganiza kuti mnzakeyo alipobe. Chilichonse chimene sendall yapereka chimakaunjikana mu buffer (mosungira zodikira) ya kernel, mtima wa Linux, kudikira kuti foni ivomere kuti yalandira. Buffer ija ikadzaza, sendall imaima pomwepo osabwerera. Popeza ili mu loop yomweyo yowerenga wailesi, nayo wailesi siwerengedwanso, ndipo ma client ena onse amene ali bwinobwino amavutikira m'modzi amene wachokayo. Mphindi 15 ukunenazo si zongochitika. Linux imayesa kutumizanso paketi kangapo, nthawi yodikira ikuwirikiza, malinga ndi tcp_retries2 yomwe imabwera ili pa 15, ndipo zonsezo zimatenga pafupifupi mphindi 15. Ikatopa imadula, sendall imaponya error, loop yako imapitirira.

Chikondi: Pepani akuluakulu, ine ndili chaka chachiwiri ku Mzuni, ndifunse nawo. Nanga zomwe masensa anatumiza nthawi imeneyo zimatayika bwanji? Ndimaganiza zimasungika penapake mpaka pulogalamu iwerenge.

a Mhango: Zimasungika pang'ono chabe. Buffer ya tty pa Linux ndi ya ma byte 4096, ndipo ya kachipangizo ka pa USB ndi yochepa kuposa pamenepo. Zikadzaza, zobwera pambuyo zimagwera pansi. Sensa ili kuphiri siidziwa kuti ku ofesi kwatanganidwa. Imatumiza n'kugona. TCP ili ndi njira yomuuza wotumiza kuti dikira kaye, koma wailesi yotereyi ilibe. Nchifukwa chake pa seva ya mtundu uwu lamulo loyamba ndi lakuti mbali yowerenga wailesi isadikire munthu aliyense.

Lusayo: Chimodzi sichikundikwanira. Masensa 8 a LoRa amatumiza tinthu tochepa kwambiri. Buffer ya TCP ingadzaze bwanji ndi timanambala ta mulingo wa madzi mphindi 15 zisanakwane? Wezi, ukutumiza chani kwenikweni?

Wezi: Sekondi iliyonse ndimatumiza JSON ya tebulo lonse, matanki onse ndi mbiri ya ola lapitalo kuti graph ijambulike. Imakwana ma KB angapo.

Lusayo: Basi ndamva. Pamenepo siichedwa kudzaza. Mbiriyo muzimupatsa munthu kamodzi akangolumikiza, kenako zosintha zokhazokha.

Kondwani: Aise ingosamukira ku asyncio, njira yotumikira ambiri osaima pa m'modzi, nkhani ithe. Ili mu Python kuyambira 3.4, ndipo async ndi await zinabwera mu 3.5 mu 2015. Palibe chifukwa chovutikira ndi ma socket oima masiku ano.

Lusayo: Amwene, asyncio si mankhwala a matenda onse. Wezi akalemba chonchi:

for w in writers:
    w.write(uthenga)
    await w.drain()

wabwerera pomwe anali. drain imadikira buffer ya client ameneyo ikapitirira malire ake, omwe amabwera ali pa 64 KiB, ndiye loop yonseyo iima pa foni yomwe ija. Akati achotse drain, sipakhalanso kuima, koma write izingounjika mu memory popanda womuletsa. Mafoni akachuluka ochoka chonchi, RAM imadyeka mwakachetechete. Vuto si thread kapena async. Vuto ndi lakuti wowerenga ndi wotumiza amangidwa pamodzi.

Kondwani: Chabwino, pamenepo wanena zoona. Sindinamalize.

Chikondi: Async-yo imagwira bwanji ntchito? Mkalasi tinangouzidwa kuti client aliyense umamupatsa thread yake, kanjira kakekake koyendetsera khodi.

Kondwani: Ukapita pa chiwaya mu depoti, wokazinga chipisi amakhala m'modzi koma makasitomala khumi. Wina akamafufuza ndalama m'thumba, iye saima kumuyang'ana, amatembenuza mbatata, kupatsa wina mchere, n'kudzabwerera kwa uja ndalama ikapezeka. Event loop ndi choncho. Thread ndi imodzi, ili ndi mndandanda wa ma socket onse, ndipo imafunsa kernel kuti mwa amenewa ndi ati ali okonzeka kuwerengedwa kapena kulembedwa. Imagwira okonzekawo, ena onse n'kuwasiya. Paliponse walemba await, ndiye kuti ukunena kuti ine ndikudikira, thandizani ena kaye. Pansi pake pa Linux pali epoll, pa FreeBSD ndi macOS pali kqueue. Kale kunali select, yomwe imathera pa ma file descriptor 1024 ndipo imayang'ana mndandanda wonse ulendo uliwonse. Mu 1999 Dan Kegel analemba za vuto lomwe analitcha C10K, loti seva imodzi itumikire anthu 10,000 nthawi imodzi, ndipo nginx ndi Node.js zinamangidwa pa ganizo lomweli la event loop.

Lusayo: Koma tisanamizane, Wezi ali ndi ma client osakwana 10. C10K ikumukhudza pati? Ma thread 10 pa Pi 4 ndi masewera. Thread imodzi yowerenga serial, client aliyense thread yake ndi queue.Queue yake, basi zatheka. Anthu mumakonda zapamwamba.

a Mhango: Lusayo sukunama, njira zonse ziwiri zigwira. Ine ndingasankhebe thread imodzi, osati chifukwa cha liwiro koma chifukwa cha mtendere wa mumtima. Mndandanda wa ma client umasintha nthawi zonse, wina akulowa wina akutuluka, uku wowerenga akuudutsamo. Ndi ma thread uyenera kuika ma lock oletsa awiri kusintha chinthu nthawi imodzi, ndipo lock imodzi ukaiwala, vuto lake limatulukira kamodzi pa mwezi, usiku, iwe uli ku Chibavi famu ili ku Choma. Mu event loop khodi yako siidulidwa pakati pokhapokha pamene pali await, ndiye ukhoza kuloza ndi chala malo onse amene zinthu zingasinthe.

Wezi: Ndiye ndiikonze bwanji? Ndipatseni chithunzi chake.

Kondwani: Task imodzi yowerenga serial. Client aliyense akalumikiza umamupangira asyncio.Queue yake yokhala ndi maxsize, ndi task yake yomwe imatenga pa mzerewo n'kulemba pa socket. Wowerenga akapeza uthenga amangouponya m'mizere yonse ndi put_nowait, popanda await. drain imakhala mu task ya client yekhayo, ndiye akachedwa amadzichedwetsa yekha. Uikulunge mu asyncio.wait_for ya masekondi 10 kapena 15, ikapitirira umudule. Podula gwiritsa transport.abort(), chifukwa close imayesa kaye kutumiza zotsala mu buffer, kwa munthu amene kulibe. Ndipo ma task amene wapanga ndi create_task uwasunge mu set, chifukwa loop siiwagwira mwamphamvu, garbage collector ikhoza kuwasesa ali pakati pa ntchito.

Wezi: Nanga mzere wa client ukadzaza? put_nowait iponya QueueFull.

a Mhango: Funso lenileni la seva yako ndi limeneli, zina zonsezi ndi zomangira. Mzere uliwonse uyenera kukhala ndi malire, ndipo ukadzaza china chake chitayidwe. Iweyo ndiye usankhe chotayacho, usasiyire kernel. Ukhoza kutaya chatsopano, ukhoza kutaya chakale, kapena kumudula client. Yankho limachokera ku tanthauzo la uthengawo. Mulingo wa madzi wa mphindi zisanu zapitazo ulibe ntchito kwa mnyamata amene akufuna kudziwa ngati thanki yadzaza pano. Pamenepo taya chakale:

if q.full():
    q.get_nowait()
q.put_nowait(uthenga)

Kwa mulingo ndingapitirirenso. Mzere sukufunika n'komwe, ingosunga nambala yomaliza ya thanki iliyonse, client akamasuka umupatse zimene zilipo panthawiyo. Koma uthenga woti pampu yaima, kapena thanki yasefukira, ndi mtundu wina. Umenewo ukatayika palibe wobwera pambuyo woulowa m'malo. Uulembe kaye mu database ya SQLite ndi nambala yake yotsatizana, ndipo client akalumikizanso anene kuti ine ndinalekera pa nambala yakuti, iwe umupatse otsalawo. Mitundu iwiriyi isayende mu mzere umodzi.

Temwa: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Anzanga, zomwe mukumangazi ndi MQTT broker, seva yolandira mauthenga n'kuwagawira onse owafuna. Zinapangidwa kale mu 1999 ndi Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper, ndipo anazipangira masensa a pa mapaipi a mafuta olankhula kudzera pa satelayiti, komwe byte iliyonse inali ndalama. Wezi, ika Mosquitto, yomwe ndi broker ya MQTT, pa Pi-yo. Pulogalamu yako itsale ndi ntchito imodzi, kuwerenga serial n'kuponya pa topic ngati famu/thanki3/mulingo. Za mizere ya ma client, ochedwa, osowa, zonse ndi mutu wa broker. Nambala yomaliza imene a Mhango akunena ndi retained message, aliyense wongolumikiza amaipeza pompo. Mulingo utumize pa QoS 0 (kutumiza kamodzi osadikira chivomerezo), ma alamu pa QoS 1 (kubwereza mpaka wolandira avomere) ndi session yosafufutika. Keepalive ilimo kale, client akakhala chete kupitirira nthawi yomwe anagwirizana kuphatikiza theka lake, broker imamudula.

Lusayo: Wabwera mlaliki wa MQTT kkkk. Koma apa sindingatsutse kwambiri.

Wezi: Vuto ndi lakuti kapulogalamu ka m'mafoni ndinakalemba kale kuti kazilankhula TCP wamba, ndi ka skirini komwe. Kusintha zonsezo ndi ntchito ina.

Temwa: Mosquitto imatha kutsegula listener ya WebSocket, ndiye tsamba wamba la mu browser likhoza kulandira mwachindunji, osafunanso kuika pulogalamu m'foni ya aliyense. Mnyamata watsopano akalembedwa ntchito umangomupatsa adiresi. Ungodziwa kuti kuyambira 2.0 ukangoiika imamvera pa localhost pokha. Uyenera kulemba listener 1883 mu config ndi kupanga fayilo ya mapasiwedi. Anthu ambiri amathamangira allow_anonymous true kuti zigwire msanga, chonde iwe usatero pa chinthu chokhudza mapampu.

a Mhango: Temwa akunena zanzeru, ndipo pa famu yachiwiri ndingayambire pomwepo. Ndingowonjezera ziwiri. Broker siichotsa funso la chotaya lija, imangolisamutsira mu config. Muli max_queued_messages, ndipo mzere wa client ukafika pamenepo nayonso imataya. Chachiwiri, Last Will imene anthu amaitama, uthenga womwe broker imalengeza client akasowa mosatsanzika, imangokuuza kuti pulogalamu ya pa Pi yafa. Masensa a LoRa si ma client a MQTT, broker siiwadziwa. Sensa ya thanki 3 batire ikatha, retained message izionetsabe kuti thanki ili pa 80 peresenti mpaka sabata yamawa, manijala n'kumagona mtima uli m'malo. Ndiye mu pulogalamu yako mukhale wotchi ya sensa iliyonse, ikadumpha maulendo atatu osamveka, lengeza kuti yasowa. Nambala yakale yooneka ngati yatsopano ndi yoopsa kuposa skirini yopanda kanthu.

Yamikani (admin): Amene mwaponya za malonda a ma laputopu, ndachotsa. Malonda ndi Lachisanu. Pitirizani, nkhaniyi ikukoma.

Chikondi: Funso lina. Serial-yo mu asyncio imawerengedwa bwanji? ser.readline() ija si imaima?

Kondwani: Imaima, ndipo ukaiitana mkati mwa event loop waimitsa seva yonse. Ndi msampha womwe umagwira ambiri, pamodzi ndi time.sleep ndi requests.get. Pali pyserial-asyncio yomwe imakupatsa reader ndi writer ngati za socket. Kapena tsegula port ndi timeout=0 n'kugwiritsa loop.add_reader pa file descriptor yake, poti pa Linux serial ndi fayilo basi. Njira yachitatu ndi thread imodzi yapadera yowerenga, yomwe imapereka uthenga ku loop kudzera pa call_soon_threadsafe. Kulemba mu SQLite nakonso kuyende pa asyncio.to_thread, chifukwa SD khadi nthawi zina imachedwa kuyankha. Ukafuna kugwira wakuba, yatsa PYTHONASYNCIODEBUG=1, loop izikuuza chilichonse chomwe chagwira kupitirira mamilisekondi 100.

Lusayo: Ndipo usakhulupirire kuti read imodzi ndi uthenga umodzi. Pa serial ngakhale pa TCP, ma byte amangoyenda ngati mndandanda wopanda malire. Ukhoza kulandira theka la uthenga, kapena awiri ndi theka. Sunga zolandira mu bytearray, dula pomwe pali chizindikiro chako, zotsala zidikire. Ngati ndi malemba, newline ikwanira. Ngati ndi binary, kalongedzedwe kotchedwa COBS ndi kabwino poti ziro sapezeka mkati mwa uthenga, ndiye ukasokonezeka umangodikira ziro wotsatira n'kuyambiranso. Uikenso malire a kutalika, kuti cholandirira chikayamba kulavula zinyalala zopanda newline, bytearray isakule mpaka kalekale.

Wezi: Chinanso chimandichitikira, dzina la port limasintha, ttyUSB0 kusanduka ttyUSB1, chingwe chikagwedezeka.

Lusayo: Gwiritsa dzina la mu /dev/serial/by-id/, limenelo silisintha. Ndipo task yowerengayo ikhale mu loop yoti port ikasowa idikire pang'ono n'kuyesanso kutsegula, ma client asadulidwe. Ingowauza kuti wailesi yasowa. Pamwamba pa zonse systemd ndi Restart=always.

Wezi: Pali chinanso chomwe sindinanene. Manijala akufuna kuti azitha kuzimitsa ndi kuyatsa pampu kuchokera pa foni. Ndiye uthenga uziyendanso chobwerera.

a Mhango: Apa ndiye tikhale pansi. Wailesi ndi imodzi, ndipo SX1276 siingamve uku ikulankhula. Ndiye pakhale task imodzi yokha yololedwa kulemba ku wailesi, ndi mzere wake umodzi. Ma client onse aziponya malamulo awo mumzeremo, wina aliyense asakhudze port. Anthu awiri akalemba nthawi imodzi ma byte amalukana, pampu n'kulandira zosamveka.

Lamulo lililonse likhale ndi nthawi yothera. Taganiza, manijala wadina yatsa pampu 4 koloko madzulo, wailesi ili yosowa, lamulo lakhala pa mzere, chingwe chabwerera 10 koloko usiku, pampu n'kuyaka popanda munthu pafupi. Lamulo likapitirira miniti imodzi lisanatumizidwe, litayidwe ndipo wolitumayo auzidwe. Komanso lizinena chimene ukufuna, khala yozima kapena khala yoyaka, osati sintha. Uthenga ukhoza kufika kawiri, ngakhale QoS 1 ya Temwa imalonjeza kufika kamodzi kapena kuposa, ndiye sintha kawiri ndi kubwerera pomwe unali. Skirini isaonetse kuti pampu yazima chifukwa choti lamulo latumizidwa, idikire pampu yeniyeniyo ivomere.

Ndipo chonde, float switch ya pa thanki, switchi yoyandama yozimitsa pampu madzi akadzaza, ikhalebe yolumikizidwa ndi mawaya ku kontrola ya pampu. Kusefukira kwa thanki kusadalire Python.

Temwa: Onjezani kuti masensa a batire amagona nthawi yambiri, samva. Mu LoRaWAN zipangizo za Class A zimatsegula khutu kanthawi kochepa zikangomaliza kutumiza, pakatha sekondi imodzi ndi pakatha awiri. Wezi akugwiritsa LoRa wamba koma akhoza kubwereka nzeru yomweyo: lamulo lidikire mpaka chipangizocho chilankhule, seva iyankhe pomwepo. Za pa mapampu zili ndi magetsi a sola okwanira, zimenezo zizingomvetsera nthawi zonse.

Kondwani: Ndi chifukwa chinanso choti loop isamaime. Ukachedwa ndi sekondi imodzi chifukwa cha SD khadi, khutu lija latsekeka kale.

Lusayo: Kunena zoona yankho lofuna nthawi yeniyeni chonchi ndikanaliika mu firmware ya cholandirira. Pi ingochipatsiratu lamulo, icho chisunge, chikamva sensa chiyankhe chokha. Linux si ya ma milisekondi.

a Mhango: Ndagwirizana nazo.

Chikondi: Bwanji osangotumiza pafupipafupi kuti chimodzi chikatayika china chifike msanga?

Temwa: Mpweya ndi umodzi. Pa SF12, setingi ya LoRa yomwe imafika patali kwambiri, kapaketi kakang'ono kamatenga kupitirira sekondi imodzi kali m'mlengalenga, ndipo awiri akalankhula pamodzi pa channel imodzi amaphana. Ku Ulaya pa 868 MHz mbali zambiri za bandi ali ndi lamulo la 1 peresenti, ukalankhula sekondi imodzi ukhale chete masekondi 99. Kuno oyang'anira mafunde ndi a MACRA, ndi bwino kuona malamulo awo musanakweze mphamvu. Thanki siidzaza m'sekondi imodzi, kutumiza pa mphindi ziwiri kapena zisanu zilizonse n'kokwanira, kupatula pakachitika chadzidzidzi. Uikenso kusiyana pang'ono kwa nthawi mwachisawawa, kuti masensa awiri asazolowere kugundana ulendo uliwonse.

Wezi: Bwana mwini famu amakhala ku Lilongwe, nayenso akufuna aziona. Ndinayesa port forwarding pa rauta ya SIM khadi koma sizinatheke.

Kondwani: Sizitheka pa ma SIM ambiri. Uli kuseri kwa CGNAT, adiresi yomwe dziko likuona mukugawana anthu ambirimbiri, ndiye wochokera kunja sangakupeze. Pi ndiyo iyenera kuimba kunja. Ngati watenga njira ya Temwa, Mosquitto ili ndi bridge yolumikiza ku broker ina pa VPS (seva yobwereka pa intaneti), pa 8883 ndi TLS. Apo ayi WireGuard kapena Tailscale. VPS yaing'ono siidula, chovuta ndi kulipira kwake ndi forex ya masiku anoyi.

Lusayo: Ndipo ulalo wa ku Lilongwewo uuone ngati client wochedwa kuposa onse. Bandulo ikatha pakati pa mwezi kapena netiweki ikagwa ndi mvula ya kuno, ukhale ndi mzere wake wa malire ngati ena onse. Ukamalumikizanso usamayese sekondi iliyonse, yamba ndi sekondi imodzi, ziwiri, zinayi, mpaka miniti imodzi.

a Mhango: Wotchinso. Pi 4 ilibe RTC, wotchi ya batire yoyendabe ikazima. Ikazima n'kuyaka popanda intaneti imayambira pa nthawi yomwe inasunga komaliza, NTP (nthawi yochokera pa intaneti) ikabwera wotchi imadumpha. Kawotchi ka DS3231 ka pa I2C kamathetsa zimenezo. Poyeza ngati sensa yasowa kapena lamulo latha nthawi gwiritsa time.monotonic(), yomwe siidumpha. Ndipo paketi iliyonse yochokera ku sensa ikhale ndi nambala yotsatizana. Popanda imeneyo sudzadziwa ngati wataya pa mpweya, pa serial kapena pa TCP.

Wezi: Yewo chomene nonse. Ndiyamba ndi kulekanitsa wowerenga ndi ma client, popeza ndi chomwe chikuwawa pano. MQTT ndiyesa pa laputopu kaye. Ndibwera ndi zotsatira.

Lusayo: Poyesa usatseke pulogalamu ya m'foni, pamenepo FIN imapita ndipo zonse zioneka bwino. Ika foni pa airplane mode ili chilumikizire. Kapena pa laputopu tsegula nc kuloza ku seva, udine Ctrl+Z. Ameneyo ndi client wamoyo koma wosawerenga, ndi woipa kuposa wosowa chifukwa kernel yake imayankhabe, TCP siimudula.

Wezi: Mwadzuka bwanji pagulu. Ndalembanso ndi asyncio. Mulingo ndikusunga womaliza wokha, ma alamu ali mu SQLite ndi manambala awo, mbiri ikupita kamodzi polumikiza. Ndayesa airplane mode ndi za Ctrl+Z zija, ena onse akupitirira osagwedezeka, wochedwayo akudulidwa yekha. Koma pali chachilendo. Foni yosowa tsopano ikumakhalitsa pa mndandanda isanadulidwe, poti uthenga wachepa, buffer siikudzaza, ndiye drain siikudikira n'komwe.

Kondwani: Eya, timeout ya drain imagwira wodzaza yekha. SO_KEEPALIVE payokha siikuthandiza msanga, pa Linux imayamba kufunsa pakatha masekondi 7200, maola awiri athunthu, pokhapokha usinthe TCP_KEEPIDLE. Pali TCP_USER_TIMEOUT, umaiuza kuti zomwe ndatumiza zikakhala masekondi 30 osavomerezedwa, dula. Koma ine ndimakonda ping ya mu pulogalamu momwemo: seva itumize kauthenga masekondi 10 alionse, client ayankhe, akaphonya katatu achotsedwe. Ubwino wake client nayenso amadziwa kuti seva yasowa, n'kusintha manambala kukhala otuwa m'malo moonetsa zakale.

Temwa: Mwaona? Mwayamba kulemba PINGREQ, ping ya MQTT, ndi manja kkkk. Mwezi wamawa mudzalemba retained message, kenako QoS.

Lusayo: Msiye aphunzire, akadzafika pa Mosquitto adzadziwa chimene mzere uliwonse wa mu config ukutanthauza.

Wezi: Ping ndiika lero. Manambala otsatizana aja aulula china. Matanki asanu akufika onse, koma thanki ya kumtunda, kuseri kwa mitengo ya paini, ikudumphadumpha. Kale ndinkaganiza kuti zonse ndi seva.

a Mhango: Imeneyo ndi ya mpweya tsopano. Cholandirira chako chizilemba RSSI (mphamvu ya mafunde) ndi SNR (mmene mafunde akuposera phokoso) pa paketi iliyonse, SX1276 imapereka zonse ziwiri. Ngati SNR ili pansi kwambiri pa ziro, uli m'mphepete. Usathamangire kukweza SF, yamba wakweza mlongoti. Mamita awiri kapena atatu pa paipi amasintha zambiri kuposa china chilichonse, ndipo mitengo yonyowa imameza mafunde, ndiye uyeze tsiku la mvula osati la dzuwa. Onanso kuti antena ndi ya bandi yomwe ukugwiritsa, zambiri zogulidwa pa intaneti za 433 ndi za 868 zimafanana maonekedwe.

Wezi: Antena zinabwera m'paketi imodzi ndi ma module, sizinalembedwe kanthu.

a Mhango: Ndili ndi NanoVNA, kachipangizo koyezera ma antena, kunyumba. Loweruka m'mawa ndikhala mtauni mbali ya ku Katoto, ubwere nazo zonse tidzaziyeze.

Chikondi: A Mhango, ndingabwere nawo kudzaonerera?

a Mhango: Bwera, utenge ndi laputopu yako. Wezi, usaiwale ya thanki ya kumtundayo, ndi chingwe chake chomwe.